Batire Lachitatu

Fainess ananyamuka ku Magwegwe, mumzinda wa Bulawayo, mdima utagwira kale, batire la galimoto lili pamutu. Sanali mayi woyenda usiku ayi. Anapitako dzuwa likuswa mtengo, kukatchajitsa batirelo kwa Ezra, mwana wa mlongo wake, amene ali ndi sola padenga. Koma batire linkachedwa kukhuta, ndipo Ezra ankangoti, "Dikirani pang'ono, anti, silinadzaze." Atalichotsa pamoto, kombi yoyamba inamukana.

"Hayi bo, mama!" anatero kondakitala, akukoka chitseko. "Asidi ameneyo aboola masiketi a anthu muno."

Kombi yachiwiri sinabwere.

Kugona konko sikukanatheka. Kwawo ku Iminyela magetsi anali atazima kuyambira dzana, ndipo amuna ake, a Simeon, chifuwa chawo chinatsala ku migodi kumene anagwira ntchito ali mnyamata. Kukatentha ngati mwezi uno wa Okutobala, fumbi lili kobo, usiku chifuwacho chimatseka. Chimene chimachitsegula ndi kamakina kosandutsa mankhwala kukhala nkhungu yoti apume. Magetsi akazima, kamakinako kamadalira batire ili. Linali la galimoto ya mwana wawo Thabani, amene anagulitsa galimotoyo popita ku Joni, batire lakale n'kulisiyira makolo.

Ali panjira foni inalira. Anali a Simeon.

"Musathamange, Nabanda... ndili bwino ine."

Koma pakati pa mawuwo Fainess anamva kamluzu kamene kamamveka chifuwa chawo chikayamba kutseka. Anawonjezera liwiro.

Njira yachidule yodzera ku Pelandaba imalambalala manda. Masana Fainess ankadutsapo osaganizira kanthu, pakuti anaphunzitsidwa kuti akufa ali m'manja mwa Ambuye ndipo alibe mlandu ndi oyenda pamsewu. Koma usiku umenewo kunalibe nyali ngakhale imodzi. Nyumba zinatha. Agalu amene ankauwa kumbuyo analeka onse pamodzi. Anayamba nyimbo ya ku Chigwirizano, yapansipansi, koma mawu ake anamveka aang'ono, ndipo anaisiyira pakati.

Khosi linkawawa. Pamutu pankatentha.

"Tulani katunduyo, mayi."

Anaima. Chichewa! Pakati pa Bulawayo, usiku, pambali pa manda... Chichewa chosalala cha akuluakulu, chopanda Chindebele m'kati.

Anatembenuka thupi lonse, poti mutu unali wolemedwa. Pafupi ndi waya wa manda panaima bambo wamtali, wovala ovololo ya buluu, sipanala itasuzumira m'thumba la pachifuwa. Pansi ponsepo panali masamba ouma. Sanamve ngakhale tsamba limodzi likuphwanyika.

"Salibonani, baba," anatero Fainess.

Moni sanayankhe.

"Tulani tsopano lino. Musaligwedeze."

Miyendo inkafuna kuthawa, koma manja anamvera. Atagwira m'mbali mwa batire anatsala pang'ono kuliponya. Linali lotentha! Linali litafufuma ngati buledi, ndipo fungo la mazira owola linamulowa m'mphuno. Analiika pamchenga.

"Bwererani m'mbuyo."

Anabwerera.

Thee! Batire linang'ambika m'mbali. Madzi ake anayenderera pamchenga, akuchita thovu, akulira ngati mafuta pamoto. Fainess anagwira nkhope yake. Akanayenda nalo pang'ono pokha, madzi amenewo akanatsikira m'maso.

"Yesu wanga..."

"Mumalimwetsa madzi a pamjigo," anatero bamboyo. Silinali funso.

"Ndimayesa madzi ndi madzi, bambo."

"Mchere wake walidya m'kati. Usiku uliwonse mumalikama mpaka kuuma, pamene la galimoto silifuna kukamidwa chotero. Dzuwa la kuno nalo linalikalambitsa kale. Zaka zake zinakwana."

Fainess anagwa maondo pansi. Mantha a munthu uja anachoka, kunabwera ena aakulu. Tsiku lonse lapita pachabe. Akalowa bwanji m'nyumba chimanjamanja, kukamvera kamluzu kaja mpaka kuleka?

"Zaka za bambo kunyumbako sizinakwane," anatero mlendoyo.

Fainess anadzutsa mutu. Za a Simeon anali asanamuuze kanthu munthuyu.

"Mukafika pa mashopu, mukhote kumanzere. Pali geti lobiriwira, mtengo wa mabulosi pakhomo. Mukafunse mayi a Michelle. Mukawauze kuti bambo a Michelle akuti akubwerekeni batire la m'galimoto. Koma ayambe kumasula waya wakuda."

Fainess anawerama kuti atole nkhata yake. Nsaluyo inanyenyeka m'zala, itadyeka ndi asidi. Atadzutsa mutu kuti athokoze...

Panalibe munthu.

Waya wa manda. Mitanda. Mphepo.

Anathamanga! Patapata wina anaduka, anamusiya pomwepo. Anathamanga akutchula dzina la Ambuye, osacheuka, mpaka anaona mashopu, kenako geti lobiriwira ndi mtengo wa mabulosi, ndendende monga anauzidwira. Anagogoda ndi mwala.

"Ngubani?" anafunsa mawu a mayi m'kati, tochi ikuwala pawindo.

"Ndine Nabanda wa ku Iminyela! Ndatumidwa kwa mayi a Michelle!"

Chitseko chinatseguka. Anatuluka mayi wa imvi, wojintcha, atadzikulunga bulangete. Ameneyu anali Dorah. Anamuunika Fainess kuyambira kumutu mpaka kuphazi lopanda patapata.

"Mayi a Michelle ndine. Wakutumani ndani usiku uno?"

Fainess anafotokoza mobanika: amuna ake, kamakina, batire long'ambika, bambo wa ovololo kumanda kuja. Atafika pa mawu a uthengawo, tochi inatsika pang'onopang'ono mpaka kuunika pansi.

"Bwerezani za wayazo."

"Anati muyambe kumasula wakuda."

Dorah anagwira pakamwa. Kenako anapukuta m'maso ndi bulangete.

"Odwala sadikira. Gwirani uko, tivundukule."

Pansi pa lona panali galimoto, Pijo yakalekale, yopukutidwa bwino ngati ya ukwati. Dorah anakhala pachiwongolero ndi bulangete lake lomwelo, n'kupotoza kiyi. Inalira kamodzi kokha. Njira yonse sanalankhule, koma milomo yake inkayenda, ndipo Fainess anadziwa kuti onse awiri akulankhula ndi Mmodzi yemweyo.

Anawapeza a Simeon atakhala m'mphepete mwa bedi, manja pamaondo, kandulo itatsala pang'ono kutha. Milomo yawo inali itatuwa. Anayesa kupereka moni kwa mlendo, koma kunangotuluka kamluzu.

"Moni tipatsana mawa, bambo," anatero Dorah. "Nabanda, unikani kuno."

Anatsegula boneti, natulutsa sipanala pansi pa mpando. Manja ake ankaidziwa ntchitoyo. Awiriwo ananyamulizana batire mpaka kuchipinda, Fainess n'kulumikiza mawaya a kamakina. Anadina.

Kanalira.

Nkhungu yoyera inadzaza kachigoba ka pamphuno pa a Simeon. Anakoka kamodzi, movutika. Anakokanso. Mapewa amene anali m'makutu anayamba kutsika. Kamluzu kanachepa, kanachepa, mpaka m'chipindamo munatsala kung'ung'udza kwa kamakina basi. Fainess anakhala pansi, msana kukhoma, misozi ikungotsika yokha. Iye amene anauzira mpweya m'mphuno mwa munthu woyamba uja anali asanatope nayo ntchitoyo.

"Nabanda," anatero a Simeon, atakweza kachigoba pang'ono, "patapata winayo mwagulitsa?"

Amayi awiriwo anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anagwada, Dorah napemphera pemphero lalifupi, losakaniza Chichewa ndi Chindebele.

Atati ameni, Fainess anagwira dzanja la mlendo wake.

"Mayi, mawa ndibwera kudzathokoza bambo a Michelle. Ndinawathawa ngati ndaona chilombo, munthu atandipulumutsa maso. Amagwira ntchito ya ulonda kumandako?"

Dorah anayang'ana batire lija lili phee pansi pa bedi.

"Amuna anga, a Davison, anali makaniko," anatero. "Galimoto ija anandisiyira ndi malamulo ake. Ankati galimoto yongokhala imapha batire, yongozungulira pafupi imaliphanso. Ndiye Loweruka lililonse ndimaitulutsa, ndimapita nayo kutali ndithu, n'kubwerera. Ndimaiimika pamthunzi. Mitu ya batire ndimaitsuka isachite dzimbiri. Ana amandiseka, amati gogo ali ndi chibwenzi cha matayala."

"Anakusiyirani... ali ku Joni?"

"Pamene munaima paja, kuseri kwa waya, m'pamene tinawaika."

Kandulo inathetheka.

"Liti, mayi?"

"Batire limene anamanga ndi manja awo linatha. Ndinagula lina, nalonso linakalamba n'kutha. Ili mukuliona apali ndi lachitatu." Dorah anamwetulira, misozi ili m'masaya. "Ndipo mabatire anga safa msanga, Nabanda. Lililonse limadutsa zaka zinayi."

Fainess ankadziwa chimene mpingo umaphunzitsa, kuti ogona mwa Ambuye akupumula ndipo sayendayenda. Kaya anali a Davison, kaya mthenga wakumwamba amene anabwereka ovololo yawo, iye sanafune kufunsa. Ankangomvetsera chifuwa cha amuna ake chikukwera ndi kutsika, mofatsa, ngati cha mwana.

A Simeon anakwezanso kachigoba.

"Nanga tsono tikathokoza ndani?"

"Bwezerani icho pamphuno, bambo," anatero Dorah. "Mwini wake wa mpweya akumva kale."