Kamphepo ndi Makutu a Agogo

Kunali kamtsikana kena. Onse ankakatchula Kamphepo. Mawu ake anali aang'ono. Anali ofewa ngati kamphepo ka m'mawa.

Kamphepo ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti Agogo amumve.

Agogo aamuna anali okonza mawailesi. Kashopu kawo kanali kutsogolo kwa nyumba. Munali tebulo lalitali. Munali mawaya ofiira ndi akuda. Munali chitini chodzaza ndi tizitsulo.

Kale, Kamphepo akaweruka kusukulu, ankathamangira kukashopuko. Ankakwera pampando. Ankanong'oneza Agogo chinsinsi m'khutu. Agogo ankaseka mpaka magalasi kutsetsereka pamphuno.

Koma tsopano Agogo sankamva bwino.

"Agogo, ndili ndi chinsinsi," Kamphepo ananong'ona.

"Wati chiyani?" anafunsa Agogo.

"Ndili ndi chinsinsi."

"Kweza mawu, mdzukulu wanga!"

Nanga chinsinsi n'kuchinena mokuwa? Msewu wonse ungamve. Kamphepo anangotsika pampando.

Dzino lake linayamba kugwedera. Chinali chinsinsi. Anachisungira Agogo. Anasunga, anasunga. Dzino linaguluka. Aliyense anaona. Chinsinsi chinatha.

Mbalame inaikira mazira kuseri kwa kashopu. Chinali chinsinsi. Anachisungira Agogo. Anasunga, anasunga. Mazira anaswa. Tiana tinauluka. Chinsinsi chinathanso.

Kamphepo ankawasowa Agogo. Anali pafupi, koma ankawasowa. Mtima unkamupweteka.

Amayi ake ankayesa kuwanyengerera Agogo.

"Bambo, tiyeni kwa dokotala wa makutu!" anakuwa Amayi. "Kuli kamakina kothandiza kumva! Amakavala kukhutu!"

"Ine? Kamakina?" anatero Agogo. "Makina ndimakonza ndine. Makutu anga ali bwinobwino. Inu ndi amene mumalankhulira pansi."

Amayi anapempha Lolemba. Agogo anakana. Anapempha Lachiwiri. Agogo anakananso. Makani okha anali nawo, osanama!

Tsiku lina kunabwera Atelala. Anali mayi wosoka zovala pafupi ndi kashopu. Anabweretsa wailesi yawo yakufa.

Agogo anaitsegula. Analumikiza waya woduka. Anaitseka. Anaiyatsa.

Wailesi inaimba! Miyendo ya Kamphepo inayamba kuvina yokha.

Koma Agogo anapukusa mutu.

"Mawu ake ndi ochepa," anatero. "Sinakonzeke."

Agogo anali ndi kachitidwe kawo pa ntchito. Ankayesa chinthu chimodzi chimodzi. Sankadumpha ngakhale chimodzi.

Anayesa mabatire. Mabatire anali bwino.

Anayesa mawaya. Mawaya anali bwino.

Anayesa sipika, pamene pamatulukira mawu. Sipika inali bwino.

Atelala anabwera kudzatenga wailesi yawo.

"Mubwere mawa," anatero Agogo.

Mawa lake Atelala anabweranso.

"Mubwere mawa," anateronso Agogo.

Tsiku lachitatu Agogo anaika zida pansi. Anagwira tsaya.

"Yandikanika," anatero. "Kawailesi kakang'onong'ono kandikanika ine."

Kamphepo anawamvera chisoni. Anatenga pepala ndi pensulo. Analemba zilembo zikuluzikulu.

Mabatire ali bwino.

Mawaya ali bwino.

Sipika ili bwino.

Chatsala chimodzi.

Pansi pake anajambula khutu.

Agogo anawerenga. Sanaseke. Sanakalipe.

Kamphepo anagwira dzanja la Agogo. Analiika pasipika. Anayatsa wailesi. Anakweza mawu. Sipika inanjenjemera m'dzanja la Agogo. Tizitsulo tinavina m'chitini.

"Ikuimba?" anafunsa Agogo.

Kamphepo anagwedeza mutu.

"Kwambiri?"

Kamphepo anagwedezanso mutu.

Agogo anachotsa dzanja pasipika.

"Ndikuopa, mdzukulu wanga," anatero. "Anthu andiseka. Wokonza mawailesi wovala kamakina kukhutu!"

Kamphepo anatenganso pensulo. Analemba kuti, "Ine sindiseka. Ndipita nanu."

Agogo anawerenga kamodzi. Anawerenga kawiri. Anapukuta magalasi awo.

"Pita ukawaitane Atelala," anatero. "Wailesi yawo inakonzeka kale. Ukabwera, uwauze amayi ako kuti ndavomera."

Loweruka anapita onse atatu. Kamphepo anagwira Agogo dzanja njira yonse.

Adokotala anawalowetsa m'kachipinda kachete. Anawaveka zomvetsera m'makutu.

"Mukamva kulira, mukweze dzanja," anatero Adokotala.

Agogo anakweza dzanja kamodzi. Kenako anangokhala. Kamphepo anawayang'ana pazenera lagalasi. Anawamwetulira.

Adokotala anabweretsa kamakina. Kanali kakang'ono ngati chala cha Kamphepo. Agogo anakatembenuza uku ndi uku.

"Kodi amatsegulira pati?" anafunsa.

"Ayi, Agogo!" anaseka Adokotala. "Aka kokha musakakatsegule kunyumba!"

Anawaveka kamakina kuseri kwa khutu. Agogo anatong'ola maso.

"Kukugogoda chiyani?"

"Ndi nsapato zanga, Agogo," anatero Adokotala.

Atafika kunyumba, Amayi anapanga tiyi. Anaiwala. Anakuwa ngati kale.

"Bambo! Tiyi wapsa!"

Agogo anadzidzimuka.

"Iwe mwana wanga, ukukuwiranji? Tonse tili pompano."

Amayi anagwira pakamwa. Onse anaseka.

Kamphepo anayandikira pang'onopang'ono. Anaima ndi zala za kumapazi. Anafika pakhutu la Agogo. Ananong'ona ndi mawu ake aang'ono aja.

"Agogo, ndinakusowani."

Agogo anaika kapu pansi. Misozi inalengeza m'maso mwawo. Anamukumbatira Kamphepo.

"Ndamva, mdzukulu wanga," ananong'ona Agogo. "Ndamva bwinobwino. Koma nenanso."