Sipika Yopanda Katoni

M'nyumba ya bambo Josphat Nyendwa ku Petauke munalibe chinthu chosadziwika kumene chinachokera. Mipando anakhoma okha, pakuti anali kalipentala. Wailesi yawo yakale inali ndi katoni yake pamwamba pa kabati, ngakhale mphemvu zinali zitaisandutsa mudzi wawo. Akatsala ndi misomali ya munthu amene wawapatsa ntchito ankabweza, ndipo n'chifukwa chake mpingo unawaika kukhala mkulu n'kuwasungitsa makiyi a tchalitchi. Dzina labwino limeneli ndilo linali chuma chawo chonse, ndipo ankalisamala kuposa macheka awo.

Mwana wawo Febian atamaliza sukulu anayamba kuwathandiza kupala matabwa. Manja ake anali abwino, koma maso ndiwo anali ndi njala. Akachoka koonera mpira kwa anzake ankafika ali ndwii, akuyang'ana balaza la kwawo ngati khola la mbuzi.

"Atate, mu laini muno ise chabe ndise tilibe tivi," ankadandaula motero tsiku lililonse.

Atagulitsa zitseko zimene anakhoma chaka chimenecho, a Nyendwa anamuitana n'kumupatsa ndalama.

"Pita ukasankhe tivi na sipika zolingana na thumba lathu. Koma ukagule mu shopu, chinthu chibwele mu katoni yake. Wamvela?"

"Namvela, atate."

M'sitolo ya zamagetsi anapezamo mayi wogulitsa wosathamangira ndalama. Anayamba wamufunsa kukula kwa balaza, kenako anamuonetsa tivi yapakatikati ndi kasipika kakatali koika pansi pake.

"Nyumba ing'ono sifuna chisipika cha pa ukwati, mwananga. Aka kakwana. Sikafuna na chingwe. Ukakalumikiza na foni yako kamozi chabe, sikaiwala. Ukangokayatsa, keka kasakila foni ija na kuyamba kulila. Masipika a manje onse ni mwamene alili."

Febian anakamvetsera, nkhope ili tsinya. Iye ankafuna phokoso loti malata azinjenjemera, a m'nyumba yachitatu adziwe kuti kwa a Nyendwa kwalowa chitukuko. Anati aganize kaye, n'kutuluka.

Panja pa sitoloyo, pansi pa ambulera yothothoka, pankakhala Eddie wokonza mafoni. Ameneyu ankalankhula nawe maso ali kumbuyo kwako, ngati akudikira munthu amene sakufuna kukumana naye.

"Mudala, ufuna kugula tuzidole twa ana? Bwela uone zinthu."

Anamutengera m'kachipinda kuseri kwa msika n'kuvundukula thumba. Munali sipika yofika m'chiuno, ndi pulojekita, kamakina koponya kanema pakhoma. Eddie anaikapo nyimbo pang'ono, ndipo Febian anaimva m'chifuwa.

"Zachokela kuti?"

"Ku Lusaka. M'bale wanga asamuka."

"Nanga katoni?"

"Iwe, filimu uonela pa katoni? Leta zamene uli nazo m'thumba, utenge zonse ziwili. Ukagona lelo, mailo uzapeza zapita."

Mtima unamuuza Febian kuti ng'ombe siigulidwa pa mtengo wa nkhuku. Anaumva bwinobwino, koma sipika inkalira kwambiri kuposa mtimawo.

Madzulo ake anakhomera nsalu yoyera ya pabedi kukhoma la balaza. Osewera mpira anaoneka akuluakulu ngati alowa m'nyumba, ndipo anthu oyandikana nawo anadzaza mpaka pakhonde. Onse ankayang'ana kukhoma kupatula amai ake, amai Rachael, amene ankazungulira sipika ija ngati akusankha nsomba yokayikitsa pamsika. Anapisa chala m'timabowo ta kutsogolo, chinatuluka chofiira ndi fumbi. Kumbuyo anapeza malo opalidwa ndi mpeni.

"Febian, katoni ili kuti?"

"Ninataya, amama. Inali yong'ambika."

"Chinthu chatsopano chibwela na fumbi la kumunzi? Nanga apa anapala chani?"

"Ni mwamene zibwelela. Imwe simuziwa za malaiti."

Bambo Nyendwa anatsitsa mawu. "Niyangane, mwana wanga. Wagula mu shopu?"

"Mu shopu, atate."

Iwo anakhulupirira, chifukwa munthu wosanama amachedwa kuzindikira bodza. Koma amai Rachael kuyambira tsiku limenelo sankaipukuta sipikayo, ndipo akamasesa ankailambalala.

Sipanapite nthawi, Eddie anafika masana makolo kulibe, atanyamula chikwama cholemera.

"Nisungile pansi pa bedi yako."

"Muli chani?"

"Usafunse. Nyumba ya akulu a mpingo palibe amene angaifufuze."

"Awe, Eddie, izi sinifuna."

"Ukana? Chabwino, nizapita kuli amudala ako nikawauze shopu yamene unagulamo."

Chikwama chinalowa pansi pa bedi. Chinatsatira china, kenako china, mpaka nsapato za Febian zinasowa pokhala.

Tsiku lina Eddie anabwera ndi njinga yamoto. "Kwela, tipita ku malilo ku Msanzala." Febian anadabwa kuti Eddie wayamba liti chifundo, koma anakwera. Anakaima patali m'tchire mpaka mtembo utanyamulidwa, mudzi wonse n'kulondola kumanda. Paja pamaliro katundu wa m'nyumba amamuunjika m'chipinda chimodzi kuti olira apeze pokhala. Eddie ankaudziwa mwambo umenewu kuposa nyimbo za maliro. Anazemba n'kulowera pazenera la kuseri, Febian atagwira njinga, ndipo anatuluka ndi tivi yokulunga m'chitenje cha namfedwa.

Pamenepo Febian anadziwa Lusaka kumene sipika yake inachokera. Akanatha kutsika n'kuyenda wapansi, akanatha kukagwada kwa bambo ake tsiku lomwelo. Sanatero ayi. Analandira timasipika tiwiri toika m'makona a balaza kuti phokoso lizimuzungulira, ndipo ulendo wotsatira anakwera osafunsa.

Phokoso linamuzunguliradi, koma mtendere unamuthawa. Galimoto ikaima panja, iye ali kale pazenera. Mnzake akayamikira sipika, ankaganiza kuti watumidwa. Anagula loko wa chipinda chake m'nyumba imene kale munalibe chitseko chokhoma.

"Ukhomela ndani?" anafunsa amai ake. "Ine amene ninakusambika? Febian, nyumba ino yayamba kununkha zinthu za eni ake. Ngati pali chamene wachita, kamba manje, atate ako akalibe kuchita manyazi pa anthu."

"Imwe amama mumangoniganizila zoipa," anayankha mokweza, n'kumenyetsa chitseko.

Mwezi wotsatira kwaya ya ku Nyimba inabwera ku msonkhano wa makwaya, ndipo amayi ena anawapatsa malo kwa a Nyendwa. Pakati pawo panali amai Bernadette Njobvu a ku Luembe, amene anali akadali m'zovala zakuda. Amuna awo, malemu Abraham Njobvu, ndiwo ankaphunzitsa kwayayo.

Loweruka masana amayiwo anakhala pabalaza kukonzekera nyimbo, koma mawu apamwamba ankawasokonekera. Amai Bernadette anatulutsa foni yawo.

"Nili nayo apa. Amuna anga anaijambula akalibe kudwala. Tamvelani mwamene anali kuimbila."

Foni inayamba kulira, koma mawu ake anali aang'ono ngati a udzudzu. Amayi anaunjikiza mitu pamodzi. Bambo Nyendwa, amene anali atangolowa ndi mwana wawo, anamva chisoni komanso kakunyada pang'ono.

"Muvutikilanji, amai? Muno tili na sipika. Febian, yatsa alendo amvele bwino."

"Ifunika chingwe, atate. Lekani nikasakile."

Ankangofuna pothawira, pakuti sankakondanso kuti alendo aziiyandikira. Koma bambo ake anali atatambasula kale dzanja n'kudina batani. Sipika inati tii, kanyali kake kanaphethira, ndipo foni ya amai Bernadette inangoti zii m'manja mwawo. Nthawi yomweyo mawu a mwamuna anadzaza nyumba yonse, akuluakulu, ochokera pakona: "Tiyambilenso, azimai. Bernadette, iwe ukweza maningi, tsikako pang'ono."

Mayi wina anakuwa. Ena anagwira pakamwa. Malemu Njobvu anayamba kuimba, malata akunjenjemera monga mmene Febian ankafunira.

Amai Bernadette anaimirira pang'onopang'ono. "Ine sininadine kalikonse. Iyi sipika yaiziwa bwanji foni yanga?"

Anapita pakona paja, anaitembenuza, n'kuika chala pamalo opalidwa aja.

"Apa panali zina la amuna anga. Analemba na penti yoyela. Inasowa tsiku lamene tinawaika, ise tili kumanda." Anatembenukira kwa mwini nyumba, misozi ikutsika. "A Nyendwa, imwe akulu a mpingo, yafika bwanji m'nyumba mwanu?"

Ndinena zoona, palibe chinthu chomvetsa chisoni ngati nkhope ya munthu wolungama akamafunsidwa funso la wakuba. Bambo Nyendwa anatembenuka. Anayang'ana mwana wawo. Febian anayang'ana pansi.

"Leta kiyi ya chipinda chako," anatero amai Rachael.

Zikwama zinatulutsidwa pansi pa bedi alendo akuona: mafoni, mawailesi, tivi yokulunga m'chitenje. Febian anagwada, akulira ngati kamwana.

"Atate, nikhululukileni. Ni Eddie ananinyenga."

"Eddie sananiyangane m'maso na kuniuza kuti wagula mu shopu. Nyamuka."

Bambo Nyendwa anamuperekeza okha ku polisi, wapansi, kudutsa pamsika dzuwa likuswa mtengo. Pamene ankadutsa pa sitolo ija, ambulera yothothoka inali itapindidwa kale. Eddie sanaonekenso ku Petauke, ndipo mlandu wonse unagwera amene katundu anapezeka pansi pa bedi lake. Febian anavomera zonse pamaso pa woweruza, osabisa ngakhale za ku Msanzala, ndipo analowa m'ndende.

Lamlungu lotsatira bambo Nyendwa anapita kutsogolo kwa mpingo n'kuika makiyi patebulo. Akulu anzawo anawachonderera kuti awatengenso, poti iwo sanabe kanthu.

"Zinthu za amasiye zinagona m'nyumba mwanga, ine n'kumaitana anthu kuti abwele aonele mpila," anayankha. "Ngati sininaone za pansi pa bedi ya mwana wanga, nizasunga bwanji nyumba ya Mulungu?"

Kuyambira pamenepo amakhala pa benchi ya kumbuyo, imene anakhoma okha. Febian akamachezeredwa kundende amapempha chinthu chimodzi, kuti amai Bernadette adzamulole kukawapepesa akadzatuluka. Akuti akatseka maso amamvabe malemu aja akuti tiyambirenso. Mulungu amakhululuka, ndipo mwina mayiwo adzakhululuka, koma makiyi aja ali m'thumba la munthu wina.

Wachinyamata iwe, tamvera. Kusirira ndi kumene kumayamba, bodza limabwera kudzakuphimba, ndipo kuba kumakupeza uli kale m'njira. Ukaona chinthu chachikulu pa mtengo wodabwitsa, funsa kumene chachokera, ndipo yankho likakhala lozemba, chisiye pomwepo. Gula chaching'ono chimene ungathe kuyatsa pamaso pa mlendo aliyense osanjenjemera. Ukagula chakuba wagula misozi ya munthu wina, ndipo wolipira sudzakhala iwe wekha.

Nsalu yoyera ija amai Rachael anaichapa n'kuibwezera pabedi. Pakhoma la balaza patsala timabowo ta misomali, ndipo bambo Nyendwa, kalipentala wodziwa kutseka bowo lililonse, sanatitseke mpaka lero.