Nsomba ya M'chipewa

"Malamulo a ku England? Ndimawadziwa onse!" anatero amalume Saulos. "Chingerezi ndinachimwa ngati tiyi."

Amalumewo anali atangofika kumene kuchokera ku Malawi.

Bethany anaseka. Bethany ndi mwana wa mlongo wawo. Amakhala ku Smethwick, ku England komweko. Amakonda nsomba. Koma amakonda nsomba zamoyo.

Loweruka amalume ndi Bethany anapita kukawedza ku ngalande ya maboti. Amayi a Bethany anapita nawo.

Kumeneko kunali chikwangwani.

"Uncle, read it," anatero Bethany.

"Magalasi ndaiwala, mphwanga."

Bethany anawerenga yekha. "Fishing is allowed."

"Allowed ndiye kuti n'zololedwa," anatero amayi.

"Mwamva? Boma likundidziwa!" anatero amalume.

Bethany anawerenganso. "Taking fish home is not allowed."

"Not allowed ndiye kuti n'zoletsedwa, achimwene," anatero amayi.

Amalume anatsokomola. Makutu awo anagontha mwadzidzidzi.

Anaponya mbedza. Anadikira. Chingwe chinagwedera. Anakoka. Nsomba! Nsomba yonenepa!

"Ndiwo zapezeka!" anakuwa amalume.

"You must put it back!" anatero Bethany.

"Must ndiye kuti palibe kuchitira mwina," anatero amayi.

"Ndiwo kuzibwezera m'madzi? Matimati ndagula kale ine!"

Amalume anaika nsomba m'chipewa. Chipewa anachivala kumutu.

Bethany anamvera chisoni nsomba ija. Anaima panjira.

"Not allowed," anatero.

Amalume anapita uku. Bethany anapita komweko.

"Not allowed."

Amalume anapita uko. Bethany anapita komweko.

"Not allowed!"

Kenako kunabwera bambo wa jekete yachikasu. Anali woyang'anira ngalande.

"Good morning!" anatero bamboyo.

Amalume anaima njo, ngati msilikali. Madzi anatsika pamphuno pawo.

Bethany anaganiza msanga. Anasonkhanitsa Chichewa chake chonse.

"Amalume," anatero, "munthu waulemu amavula chipewa popereka moni. Munandiphunzitsa ndinu."

Zoonadi, amalume Saulos ndi munthu waulemu. Dzanja linakwera lokha. Chipewa chinavuka.

"Gudu moningi, bwana!"

Nsomba inadumpha. Inawamenya khutu ndi mchira. Inagwera m'madzi, phava!

Bambo uja anaseka. Amayi anaseka mpaka kukhala pansi. Bethany anawomba m'manja.

Amalume anatsala ndi chipewa chonyowa. Ndiwo zawo zinapita zikusambira.