Kamzere ka Folo Koloko

Mayi woyang'anira labotale ndi mmisiri wa makina sagwirizana mpaka lero. Mmisiri amati linali litsiro basi. Mayiyo amati litsiro silidziwa nthawi.

Makinawo amayeza zomwe zili m'madzi akumwa. Amaphwanya dontho kukhala tinthu tosaoneka, n'kutipatsa mphamvu ya magetsi kuti tiuluke m'paipi yopanda mpweya. Topepuka timafika msanga kumapeto, tolemera timachedwa, ndipo kalikonse kakagunda kumeneko, pakompyuta pamatuluka kamzere kosongoka. Kwa zaka makumi awiri amene ankawasamalira anali Achikulire, bambo amene anaphunzitsa mayiyo ntchito ali mtsikana. Ankavutika ndi nyamakazi, choncho ankadzola mafuta otentha m'zala, uku akung'ung'udza nyimbo motsatira kulira kwa pampu ya makinawo.

Patatha mwezi Achikulire atamwalira, mayiyo anasiya makina akuyeza madzi oyera, opanda kanthu, usiku wonse. M'mawa anapeza kamzere kamodzi, kamene kanatuluka folo koloko m'bandakucha. Kulemera kumene kamzereko kanasonyeza kunali kwa mafuta a nyamakazi aja.

"Zala zawo zinagwira zitsulo zonsezi," anatero mmisiri. "Kapena mukuti atilembera kalata?"

Anasintha zitsulo. Kamzere kanabweranso, katatalikirapo. Usiku wachitatu chimodzimodzi. Ndipo folo koloko ndiyo nthawi imene Achikulire ankafika kudzamvetsera pampu, poti tulo analibe.

Usiku wachinayi mayiyo anachezera pampando, atathimitsa nyali zonse. Mumdimamo munkangophethira kanyali kobiriwira ka makina. Folo itakwana, kulira kwa pampu kunatsika pang'onopang'ono, ngati munthu waikapo chikhatho. Fungo silinamveke, koma pakompyuta kamzere kanayamba kukwera.

"Mwadzuka bwanji, Achikulire?" ananong'ona. Mantha anali nawo, koma sanali mantha okha.

Kutacha mmisiri sanasekenso. "Amayi, mabotolo a madzi ochokera kuchipatala cha ana adikira masiku anayi athunthu. Makina oona zomwe palibe tingawakhulupirire bwanji? Tiwatenthe m'kati masiku awiri, chilichonse chotsalira chipse."

Mayiyo anadziwa kuti mmisiri akunena zoona. Anadziwanso kuti m'labotale yonseyo munalibenso china cha Achikulire. Ngakhale mpando wawo anali atausamutsira ku ofesi ina. Anapempha mmisiri kuti atuluke kaye. Atatsala yekha, anakweza kutentha mpaka pamapeto ndi dzanja lake lomwe, natsekula zenera kuti Achikulire apeze potulukira.