Msomali wa Pakhoma

Mailesi anakumana ndi Laiton m'holo ya azungu ku Wanki, tauni ya migodi ya malasha ku Rhodesia, chaka cha 1955. Mailesi ankasesa m'holomo, Laiton ankabweretsa malasha. Tsikulo mnyamatayo anamupeza ali chagada pansi, tsache lili uko.

"Chakugwetsani n'chiyani, achemwali? Pansipa mpouma."

"Ndimavina," anayankha Mailesi mokalipa, akusasa fumbi.

Masana aliwonse dona wina ankaphunzitsa ana achizungu gule wa balei, Mailesi akusuzumira pazenera. Anawo akapita, nayenso ankayeserera wopanda nsapato. Akagwira mtengo wopingasa wa kukhoma, zonse zinkayenda bwino. Koma akafika pakati pa holo, popanda chogwira, n'kuima ndi mwendo umodzi kuti azungulire, chizungulire chinkamugwetsa pozungulira kachiwiri. Panatha miyezi isanu yathunthu akungogwa, mpaka ankadzitukwana yekha.

"Dona amati maso akhale pa chinthu chimodzi, mutu uzibwerera pomwepo msanga," anafotokoza. "Ndinasankha msomali uwo, koma umandisowa."

Laiton anaseka. "Msomali? Duwa langa, uziyang'ana ine. Ine sindisuntha."

Ndani akanalimba mtima pa mawu otere? Kuyambira pamenepo Laiton ankaima kutsogolo kwake, manja ali bii ndi malasha, ndipo Mailesi ankazungulira katatu osagwa. Anamukonda mopanda nzeru, ndipo ankadziwa.

Kenaka kunabwera kalata yochokera kwa Laiton: "Wapamtima wanga, ukamavina pa chisangalalo cha Khirisimasi kutchalitchi ndidzakhala pa benchi yoyamba. Mawa lake ndidzatumiza ankhoswe kwa amalume ako."

Kutatsala sabata imodzi, Laiton anasiya kubwera. Akuti anamusinthira ntchito. Mailesi anayeserera yekha, anagwa, anadzuka, anagwanso mpaka bondo linatupa. Kodi munthu angasowe mphindi zisanu zokha za wokondedwa wake?

Masana a Khirisimasi tchalitchi cha kukomboni chinadzaza. Mailesi anaima pakati, maso akusakasaka. Laiton analipodi pa benchi yoyamba, pamenepo sananame. Koma pambali pake panali mayi wina, mwana ali pamiyendo, akumupukuta Laiton khutu ndi nsonga ya chitenje mosachita manyazi.

"Ndi akazi awo amenewo, a Paulina," ananong'ona mayi wa kwaya kumbuyo kwake. "Anatsika sitima ku Thomson Junction Lachiwiri, kuchokera ku Dowa."

Mtima unamuwawa Mailesi mpaka m'mano. Anamuyang'anabe, poti thupi linazolowera nkhope imeneyo, koma Laiton anaweramitsa mutu n'kumaona nsapato zake. Uzungulira bwanji ukuyang'ana paliwombo pa munthu? Anthu anayamba kutsokomola.

Pakhoma, pamwamba pa mitu yawo, panali msomali wopachikapo kalendala. Mailesi anauyang'anitsitsa, n'kudzutsa chidendene, n'kuyamba kuzungulira. Kamodzi. Kawiri. Katatu. Kanayi. Anaima nji, misozi ili chuchuchu, nthungululu zili pokopoko.

Panja Laiton anamuthamangira. "Duwa langa, ndimati ndikuuze."

"Munati simusuntha."

"Koma ndinalipo, Mailesi. Pa benchi yoyamba."

"Munalipo, inde. Nkhope ndiyo munabisa." Anatulutsa kalata ija pachifuwa n'kumuika m'dzanja. "Pitani, a Laiton, mwana wanu akulira. Ine ndabwerera ku msomali."