Dallae ndi Ankhondo Omira mu Mtsinje wa Durang

M'masiku a makolo, dziko la Korea lisanakhale pansi pa mfumu imodzi, m'chigwa cha Durang munkalamulira mfumu Soryuk. Mfumuyi inakathira nkhondo tsidya la mtsinje, koma inagonja. Pothawa, itangowoloka yokha, inalamula kuti mlatho wa zingwe udulidwe ankhondo ake akadali pamwamba. Madzi anawameza.

Kuyambira pamenepo mtsinje unalusa. Omira aja anasanduka mizimu ya m'madzi, yomwe inkakoka miyendo ya asodzi ndi ya amayi ochapa. Maliro atachuluka, mfumu inasonkhanitsa nduna zake, niitanitsa Dallae. Iyeyu anali mudang, ndiye kuti mayi wogwidwa ndi mizimu, woilankhulira kwa amoyo.

Dallae anali ndi mwana mmodzi yekha, Bau, mmodzi wa ankhondo aja, ndipo naye anamira tsiku lija. M'mawa uliwonse mayiyu ankakhala pagombe, namamva mwana wake akuitana pansi pa madzi. Chinamutsalira chinali chokhacho.

Nduna yaikulu inaimirira pabwalo niti, "Mbuye wanga, anthuwa sanaikidwe m'manda, sanaliridwe. Aloleni alankhule, apite."

Mfumu inakana. "Mayi," inatero kwa Dallae, "athamangitseni ndi malupanga ndi mabelu anu a mwambo. Pakamwa pokha asatsegule."

Dallae anagwada nati, "Mfumu, womira timamuvuula, timamumvera, kenako timamuperekeza. Njira ina sindiidziwa."

Mfumu inalola monyinyirika, poti anthu anali atayamba kuthawa m'dziko.

Tsiku la mwambo ng'oma zinalira dzuwa lili pamutu. Dallae anaponya m'madzi mbale ya mkuwa yodzaza mpunga, yomangidwa ku nsalu yoyera. Ataikoka, mumpungamo munali tsitsi la munthu, chizindikiro chakuti akufa abwera. Thupi lake linanjenjemera, ndipo pakamwa pake panatuluka mawu a mwamuna.

"Amayi, ndine Bau. Kuno kukuzizira. Tinali pamlatho, madenga a kwathu tikuwaona. Tinaona nkhwangwa m'manja mwa anzathu, mfumu ikuloza zingwe. Anthu tawakokawa sitinawade, timafuna wotisonyeza njira."

Amasiye analira mokweza. Mfumu inabisa nkhope m'malaya.

Tsono akazi a m'mudzi anatambasula nsalu ina yaitali, njira ya akufa. Mudang amayenera kuing'amba ndi chifuwa chake, kuchokera nsonga ino kufika inayo, kuti mizimu idutse. Dallae anadziwa kuti ikatha kung'ambika, mawu a mwana wake sadzawamvanso. Anayenda mpaka pakati, naima. Oimba ng'oma nawo analeka.

"Mwana wanga," anatero ndi mawu akeake, "ukapita, nditsala ndi yani?"

Mawu a Bau anayankha chapansipansi: "Ndiloleni, amayi. Ndatopa."

Dallae anatseka maso, nakankha nsalu ndi chifuwa. Nsalu inang'ambika mpaka kumapeto.

Mtsinje unafatsa, sunatengenso munthu. Koma mfumu sinakhululuke manyazi aja. Inapirikitsira Dallae ku mapiri a kumpoto, komwe anakalamba akuperekeza akufa a eni, wopanda womutcha mayi. Atamwalira anaikidwa ndi alendo.

Adzukulu a m'chigwacho amati n'chifukwa chake pa mwambo wa omira, nsalu ikafika pakati, ng'oma zimakhala chete. Palibe amene amafulumiza woferedwa. Amamudikira mpaka atalola yekha kuti mudang akankhe.