Jolene Agulitsa Madzi a Bambo Ake

Banja la a Haskins linali loopa Mulungu, ndipo zomwe ndikunenazi ndinaziona ndi maso angawa. Ine ndine Mayi Okerlund. Ndagulitsa inshulansi ya nyumba kuno ku Mesa zaka makumi awiri, ndipo ndimapemphera nawo tchalitchi chimodzi.

Bambo Orval Haskins atadwala sitiroko, anayamba kukoka mwendo. Dokotala anati mankhwala ake n'kuyenda m'madzi tsiku lililonse. Choncho iwo ndi akazi awo, Mayi Loretta, anakumbitsa dziwe kuseri kwa nyumba, losazama, madzi olekeza m'chiuno. Atamanga mpanda, anandiitana kuti ndiliwonjezere pa inshulansi.

Mwana wawo Jolene, mtsikana wa zaka 19, anali pomwepo akutokosa foni.

"Mlendo wanu akavulala m'dziwemu, kampani ilipira," ndinatero. "Koma mukangolipiritsa munthu kuti asambe, ngakhale dola imodzi, imeneyo ndi bizinesi. Kampani siperekapo kanthu, mlandu udzagwera nyumba ino."

"Wamva, Jolene?" anafunsa bambo ake.

"Ndamva, adadi. Ndani angagulitse madzi?"

Tsoka ilo, Jolene anali ndi chibwenzi, Colt, mnyamata wa pakamwa pozuna koma manja lende. Mawu ake anadzandiuza ndi Jolene yemwe, zinthu zitavuta kale.

"Dzuwa likuphulitsa mutu chonchi, anthu akusowa posambira, iwe wangokhalira ndalama? Lamulungu madala akatuluka m'tchalitchi amakaona agogo ako ku Prescott mpaka madzulo. Tilijambule dziweli, tilitsatse pa foni."

"Anti Okerlund analetsa."

"Anti akowo amagona m'dziwemo?"

Lamulungu lotsatira Jolene anadwala mutu, n'kutsala pakhomo. Linalo, m'mimba. Makolo akangokhota pakona, geti linkatsekuka, anthu osawadziwa n'kumalowa ndi matawulo paphewa. Jolene anagula nsapato zatsopano, mutu nawo unapitiriza kuwawa Lamulungu lokhalokha.

Tsiku lina mayi ake anatola kamisolo ya mzimayi wonenepa pampanda.

"Iyi nja ndani?"

"Ya mnzanga, amayi."

"Anzako ndimawadziwa onse, palibe wodzaza chovala ichi. Mwana wanga, nyumba ino bambo ako anaikhetsera thukuta zaka makumi atatu. Ngati pali chimene ukuchita, siya lero."

Jolene analumbira kuti palibe, maso ali gwa.

Tsiku la fote linakwana mu Julaye. Kunabwera gulu la azibambo, Colt akuwagulitsa mowa. Mmodzi, Bambo Ferris, wa ana atatu, anathamanga n'kudziponya chamutu, osadziwa kuti dziwelo analikumbira munthu wodwala woyenda ndi ndodo. Anathyoka khosi. Ambulansi isanafike, Colt anali atalumpha mpanda, ndipo mpaka lero sitinamuonenso.

Lolemba m'mawa Jolene anafika ku ofesi kwanga, maso atatupa.

"Anti, lembani kuti anali mlendo wathu. Ndagwira mwendo wanu."

"Ndinakunyamula uli khanda, Jolene, koma bodza sindilemba. Komanso Bambo Ferris ali ndi lisiti pa foni, dzina lako lili pamenepo."

Ndinamupsera mtima mwanayo, sindibisa. Atatuluka ndinatseka chitseko n'kulira.

Kampani inakana kulipira, monga ndinanenera. Bambo Ferris sadzayendanso, ndipo khoti linagamula kuti a Haskins awalipire. Kolowera kunalibe. Nyumba inagulitsidwa, dziwe n'kupitira limodzi.

Tsiku losamuka ndinapita kukathandiza kulongedza. Bambo Orval anaima m'mbali mwa dziwe atatsamira ndodo, akuyang'ana madzi amene anali atayamba kuwongola mwendo wawo. Jolene anagwada pasimenti yotentha.

"Adadi, ndikhululukireni."

"Ndakukhululukira kale, mwana wanga. Dzuka, undigwire mkono. Kumene tikupitako masitepe ndi ambiri."

Lero akuchita lendi zipinda ziwiri zam'mwamba, ndipo mwendo uja unaumiratu. Lamulungu lililonse Jolene amatsitsa bambo ake sitepe imodziimodzi popita kutchalitchi. Mutu unasiya kumuwawa.

Inu achinyamata, chosamva anachiphikira m'masamba. Makolo akakuletsani chinthu, musamati saona. Bodza limene mukudyerera lero lidzalipiridwa, ndipo kawirikawiri wolipira ndi amene anakuberekani. Mulungu amakhululuka, bambo ake a Jolene nawo anakhululuka, koma nyumba ija mukukhala anthu ena.